Tsiku Limene Kanyundo Anagogoda Pendapenda

1. Galimoto Yoyenda Chopendekera

Pabwalo la kwawo kwa Kanyundo panali zinthu ziwiri zimene munthu wodutsa ankayamba kuziona. Choyamba chinali mulu wa mapaleti, matabwa okhomedwa pamodzi amene amasanjapo matumba m'nyumba zosungira katundu. Chachiwiri chinali galimoto ya Agogo, pikiapu yakale yobiriwira imene msewu wonse unkaitchula kuti Pendapenda.

Dzinali silinabwere mwangozi. Galimotoyo inkayenda chopendekera kumanzere ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza kudzanja limodzi. Chitseko cha wokwera ankachimanga ndi lamba wakale. Hutala inkalira ikafuna yokha, kawirikawiri aneba ali pakati pa pemphero. Munthu akaiseka, Agogo ankangosisita boneti n'kunena kuti, "Pendapenda si kugwa, koma kuchalira ulendo."

Agogo anagwira ntchito yoyendetsa malole zaka makumi atatu. Atapuma anagula pikiapuyi, ndipo ankanyamulira anthu mchenga, mbuzi, makama ndi chilichonse chokwanamo. Malemu agogo aakazi ankaitchula kuti "mkazi mnzanga", chifukwa m'mawa uliwonse moni woyamba unkapita kwa galimoto, iwo n'kumalandira wotsala.

Amayi ake a Kanyundo, mwana woyamba wa Agogowo, ankawakonda bambo awo koma galimotoyo sankaikhulupirira ngakhale pang'ono.

"Bambo," anatero tsiku lina akusoka pakhonde, "ine sindikudana nayo galimoto yanuyi. Inanditengera kuchipatala tsiku lobadwa mwanayu, ndipo sindidzaiwala. Koma chinthu chilichonse chili ndi nthawi yake yopuma. Ng'ombe ikakalamba saimangiranso pangolo. Ndikunena pamaso pa mwana kuti akhale mboni. Ikadzangopezeka ndi vuto lalikulu kamodzi kokha, basi, kiyi ameneyo mudzandipatsa ine."

"Wamva, bwana mmisiri?" Agogo anatsinzinira Kanyundo diso. "Mayi akowa akufuna kundisandutsa mlonda wa mpando."

Anaseka, koma analonjeza. Agogo anali munthu woti akalonjeza sabwerera m'mbuyo, ndipo m'nyumbamo aliyense ankadziwa zimenezo.

Kanyundo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anam'patsa ndi anzake chifukwa m'chikwama chake cha sukulu munkakhala kanyundo kakang'ono pamodzi ndi mabuku. Iye ndiye ankatsogolera gulu la ukalipentala kusukulu kwawo. Kwa miyezi itatu gululo linakhala likupanga mabenchi asanu ndi atatu pabwalo lomwelo, onse a matabwa a mapaleti.

Loweruka likudzalo linali tsiku la mpikisano woonetsa luso la manja kusukulu, ndipo gulu lopambana linkalandira mphoto. Sukuluyo inali kutali, kuseri kwa chitunda chachikulu. Agogo anali atavomera kunyamula mabenchi onse pamodzi ndi ana asanu ndi anayi a m'gululo, onse kumbuyo kwa Pendapenda.

2. Chenjezo la Amisiri

Kuti timvetse zimene zinachitika sabata imeneyo, tiyenera kubwerera m'mbuyo chaka chimodzi.

Luso la matabwa Kanyundo analiphunzira kwa mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti Amisiri. Anali mayi wamfupi, wosaseka mwachisawawa, ndipo pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Shedi yawo inali kuseri kwa msika. Tsiku loyamba limene Kanyundo anabwera ndi mapaleti pawilibala, Amisiri anamukhazika pansi asanagwire chida chilichonse.

"Tamvera, mwanawe," anatero. "Thabwa la m'sitolo limabwera lopanda mbiri. Koma matabwa awa amabwera atayenda kale dziko, ndipo chimene ananyamula chimakhala chitalowa m'kati mwawo. Ndiye usanazule msomali ngakhale umodzi, uchite zinthu zitatu. Choyamba ulinunkhize thabwalo. Likanunkha mankhwala kapena mafuta, lisiye pomwepo. Chachiwiri uligogode ndi nyundo. Thabwa lamoyo limayankha kuti ngo! ngo! Lowola limangoti phu, ngati munthu wachimfine. Chachitatu, ufunse mlonda wa kumene ukulitengako kuti pamwamba pakepo pankakhala chiyani."

Kanyundo anagwedeza mutu, maso ali pa sowo.

"Yang'ana kuno, sindinamalize," Amisiri anapitiriza. "Oopsa kwambiri ndi amene ankanyamula feteleza kapena mchere. Amenewo amaoneka oyera, onenepa, okopa maso. Ukawagogoda amayankha bwino ndithu. Koma sauma ayi. Amakoka chinyezi chaka chonse, ndipo ukawagoneka pa chitsulo amachidya mwakachetechete ngati chiswe. Usadzapangire tebulo lodyera, usadzapangire kama wa mwana, ndipo usadzawayandikize ku chitsulo chimene ukuchifuna. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndamva, Amisiri," anatero Kanyundo.

Anamva ndithu, koma ndi khutu limodzi.

Patapita miyezi iwiri, chitsulo cha pansi pa bodi ya Pendapenda, kumbuyo konyamulira katundu, chinabooka malo atatu. Tsiku lina Agogo anafika kunyumba kwa kasitomala ndi theka la mchenga, wina wonse atauwaza mumsewu. Kanyundo anapempha kuti awakonzere pansipo ndi matabwa.

Mlonda wa nyumba ina yosungira feteleza anamupatsa mapaleti asanu ndi limodzi. Anali okongola kuposa onse amene anawaonapo. Anawagogoda ndipo anayankha bwino. Funso lachitatu lija sanafunse, chifukwa yankho lake linali litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma la nyumbayo. Anaganiza kuti penti yokwanira ikonza zonse.

Anachotsa chitsulo chobookacho n'kugoneka matabwawo mwachindunji pa zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula galimoto yonse. Amakaniko amazitchula kuti chasesi, koma Agogo ankati ndi msana wa galimoto. Pamwamba anapaka penti yofiira kawiri.

Agogo anakondwa kwabasi. Anazungulira msewu wonse akuitana anthu kuti adzaone ntchito ya mdzukulu wawo. Kanyundo anayenda mwamatama sabata yonse, ndipo kwa Amisiri sanatchuleko kumene anatenga matabwawo. Akuluakulu amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

3. Nyundo Ilowa M'chitsulo

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti Loweruka lifike, Kanyundo anakwera kumbuyo kwa galimoto kuti ayeze malo a mabenchi. Anali ndi mnzake wapamtima, mtsikana wolongolola amene ankamutchula kuti Wailesi. Agogo anali atapita kukameta.

Chakumanzere, pamwamba pa tayala lakumbuyo, thabwa lina linapindika ataliponda.

"Limeneli tisinthe," anatero Kanyundo. "Tandipatsira chozulira misomali."

Thabwalo linazuka mosavuta. Pamwamba linali lofiira bwinobwino, koma kunsi kwake kunali konyowa ngakhale kuti mvula inali itasiya miyezi inayi yapitayo. Linali ndi ufa woyera wonga mchere. Pamene linagona, chitsulo cha msana chinali chitatupa ndi dzimbiri, chikusendeka ngati khungwa la mtengo wouma.

Kanyundo anatulutsa kanyundo kake, monga ankachitira ndi thabwa lililonse. Anagogoda chitsulocho chakutsogolo ndipo chinayankha kuti nge! Anasendera pang'ono n'kugogodanso. Mawu anatsika. Atafika pamwamba pa tayala anagogoda kachitatu, ndipo mutu wa nyundo unalowa m'kati.

Wailesi anasuzumira pabowo limene nyundo inaboola.

Kanyundo anazula thabwa lachiwiri. Mng'alu unali utayenda kuchokera pabowolo kutsika mpaka pafupi ndi pamene pamagwira masipuling'i. Chitsulo chimene chinatsala chinali chopyapyala ngati chivundikiro cha chitini.

"Ndi matabwa anga aja," anatero Kanyundo. "Amisiri anandiuza. Ndaipha galimoto ya Agogo."

"Iwe, khala phee!" Wailesi anayang'ana kukhonde kumene makina osokera ankalira. "Amayi ako akamva zimenezi, kiyi wapita lero lomwe. Agogo ako adzakhala ndani popanda Pendapenda? Ndipo mabenchi athu adzafika bwanji kusukulu, adzamera mapiko? Miyezi itatu tikudzibaya ndi misomali! Galimotoyi yayenda chaka chonse ili chonchi. Tsiku limodzi lokha silingaithyole. Tseka, udzanene Lamulungu."

Kanyundo anachita mantha, ndiponso anachita manyazi. Mawu a Wailesi anamukomera chifukwa anali mawu amene ankafuna kumva.

Anasankha matabwa awiri abwino pamulu paja, anawadula, anawapala n'kuwakhomera pamwamba pa bowolo. Anapaka penti yofiira imene inatsala. Pamene Agogo ankalowa pageti, ntchito inali itatha ndipo inkaoneka bwino kwambiri.

"Taonani bwana mmisiri!" anafuula Agogo. "Wamuvekanso mkazi mnzawo wa agogo ako chovala chatsopano."

Kenako anatembenukira kwa Wailesi n'kumupatsa moni wa ulemu ngati mlendo. Anamuzindikira pokhapokha atayankhula. Onse anaseka, koma Kanyundo sanaseke nawo.

4. Katundu Amene Amapuma

Lachisanu ataweruka, gulu lonse linasonkhana pabwalo kudzapukuta mabenchi. Agogo anali atatsuka Pendapenda mpaka matayala. Anagula chingwe chatsopano chomangira katundu. Anali atatulutsanso jekete lawo lakale la kuntchito, lija la mabatani achitsulo, n'kuliyanika kuti lichoke fungo la m'sutikesi.

Anawakhazika anawo pamabenchi awo omwe n'kuima patsogolo pawo.

"Mawa mukwera galimoto yanga, ndiye mumve malamulo anga," anatero. "Ine ndanyamulapo simenti, ndanyamulapo magalasi, ndanyamulapo mazira mathireyi mazana awiri osasweka ndi limodzi lomwe. Koma katundu wovuta kuposa onse ndi katundu amene amapuma. Thumba likagwa umalitola. Galasi likasweka umapepesa. Mwana wa munthu akagwa, palibe mawu amene ungapite nawo kwa mayi ake. Choncho palibe kuimirira, palibe kukhala m'mphepete, palibe kutulutsa mkono. Ndipo wina akaona chinthu chimene sichili bwino, kaya chingwe chamasuka, kaya tayala likulira mwachilendo, amenye denga kuti ndiime. Sindidzamukalipira. Dalaivala amaona kutsogolo kokha. Maso a kumbuyo ndinu."

Ana anawomba m'manja. Wailesi anaponda phazi la Kanyundo kuti asatsegule pakamwa.

Anzake atabalalika, Kanyundo sanalowe m'nyumba. Anathamangira kuseri kwa msika ndipo anapeza Amisiri akusesa utuchi.

"Amisiri," anayamba mozungulira, "pali mnzanga wina amene anaika matabwa a feteleza pa chitsulo."

"Mnzakoyo ali ndi penti yofiira m'zikhadabo ngati iweyo?" anafunsa Amisiri osasiya kusesa.

Kanyundo analira. Anafotokoza zonse, kuyambira kwa mlonda uja mpaka matabwa awiri a dzulo. Pomaliza anafunsa ngati wowotcherera zitsulo sangathe kukonza malowo mwamsanga, Agogo asanadziwe.

Amisiri anatsamiritsa tsache kukhoma.

"Chitsulo amawotcherera pa chitsulo chinzake," anatero. "Pa dzimbiri sawotcherera. Ngati nyundo yako yaing'onoyo yalowa, ndiye kuti palibe pogwira. Tsono tamvera. Kulakwa kwako koyamba ndi kwa chaka chatha, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwa ophunzira onse. Inenso ndinawonongapo zinthu za eni ake ndisanadziwe kumvera. Koma kulakwa kwa dzulo ndi kwa mtundu wina. Chaka chatha unaika thabwa kuti utseke bowo. Dzulo waika thabwa kuti utseke maso a munthu. Mmisiri amene wayamba kugwiritsa ntchito luso lake pobisa zinthu, manja ake amakhala oopsa kuposa a munthu wosadziwa kanthu, chifukwa anthu amamukhulupirira. Agogo ako sadzayang'ana pansi pa matabwawo. Ukudziwa chifukwa chake? Chifukwa wakhoma ndiwe."

"Tiyeni mukawauze ndinu," anapempha Kanyundo.

"Ayi. Msomali umene wakhoma wekha ukazule wekha. Koma dziwa ichi. Mawa m'mawa ndidzakhala nditaima pageti panu. Mwana woyamba akadzangokweza mwendo kuti akwere iwe usananene, ndidzanena ndine, ndipo m'shedi muno sudzalowanso."

5. Loweruka M'mawa

Dzuwa litangotuluka, bwalo linadzaza. Ana anabwera atavala yunifolomu yochapa bwino. Agogo anavala jekete lija, nsapato zikuwala. Amayi anatulutsa tiyi pathireyi. Pageti panaima Amisiri, pensulo ili kukhutu, manja ali kumbuyo.

Kanyundo anali atayesa kawiri kulankhula ndi Agogo. Ulendo woyamba anawapeza akuimba nyimbo akupukuta galasi, ndipo anachita mantha n'kubwerera. Ulendo wachiwiri anangofunsa ngati akufuna shuga wina.

"Kwezani mabenchi!" analamula Agogo.

Anyamata awiri ananyamula benchi loyamba. Kanyundo anawadutsa, nadumphira m'bodi, n'kumenya denga la galimoto katatu ndi chikhatho.

Aliyense anaima.

"Sitinanyamuke n'komwe, bwana mmisiri," anaseka Agogo.

"Munati woona chinthu amenye denga," anatero Kanyundo. "Agogo, bwerani muone."

Anagwada n'kuyamba kuzula misomali imene anakhoma yekha. Inalira mokweza pabwalo lachete lija. Anachotsa thabwa loyamba, kenako lachiwiri. Wailesi anaphimba nkhope ndi manja.

"Msana wathyoka," anatero Kanyundo. "Ndinaona Lachinayi, ndipo ndinatseka dala kuti musaone. Ndiponso wautha ndine. Matabwa a chaka chatha aja anali a feteleza. Amisiri anandiletsa, ine sindinamvere."

Nkhope ya Agogo inasintha.

"Iwe mwana, usayankhule zinthu zimene sukuzidziwa," anatero mwaukali. "Galimoto iyi ndaiyendetsa iwe usanabadwe. Kadzimbiri pang'ono ndi imvi chabe. Pendapenda si kugwa!"

"Igogodeni nokha, Agogo," anatero Kanyundo, akuwapatsa kanyundo kake. Misozi inali ikutsika koma dzanja sanalibweze.

Agogo anakwera m'bodi pang'onopang'ono. Anawerama pamalopo nthawi yaitali, koma m'malo moyang'ana anayamba kupapasa ndi zala. Zala zinapeza bowo lija, zinatsata mng'alu mpaka pansi. Anatenga nyundo n'kugogoda mbali ina ya kumanja imene Kanyundo sanaifike. Inayankha kuti phu, ndipo zidutswa za dzimbiri zinagwera pansi pa galimoto.

Anakhala pansi m'bodimo, jekete lawo labwino likukhudza fumbi. Anayang'ana ana asanu ndi anayi aja mmodzimmodzi.

"Pa chitunda chija pali bampu lalikulu potsetsereka," anatero motsitsa mawu. "Ndi mabenchi asanu ndi atatu, ndi inu nonse kumbuyo kuno."

Sanamalize. Amayi anaika thireyi pansi.

"Pepani, Agogo," analira Kanyundo. "Ndakupherani galimoto yanu."

Agogo anamukokera pafupi n'kumupukuta nkhope ndi mkono wa jekete.

"Tamvera, mdzukulu wanga, ndipo inu nonse mumve," anatero. "Matabwa ako anafulumizitsa, zimenezo n'zoona, ndipo Amisiri akulange nazo mmene akudziwira. Kubisa kwa Lachinayi kwandipweteka kwambiri, sindikunamiza. Koma usadzitame kuti galimoto ya zaka zonsezi waitha wekha ndi matabwa khumi ndi awiri. Inayamba kupendekera iwe uli kumbuyo kwa mayi ako. Galimoto yabwino siyenda chopendekera. Ine ndinkadziwa kuti pali chimene chikutha pansipa, koma m'malo mogwada kuti ndione, ndinaipezera mwambi. Munthu ukakonda chinthu umachipezera mawu okoma. Lero ukanakhala chete, ine ndikanakhala dalaivala wonyada mpaka pa bampu paja. Wandichititsa manyazi pabwalo panga, ndipo ndikuthokoza."

Amisiri anatsokomola pageti paja.

"Ngolo yanga yokankha ili panja apa," anatero. "Imanyamula mabenchi anayi. Enawo muli ndi mapewa. Mukaima pano n'kumalira, mukapeza oweruza atapita kwawo."

Ndiye kuti anali atabwera nayo kale ngoloyo. Kanyundo anawayang'ana, ndipo Amisiri anayang'ana kumbali ngati sakudziwa kanthu.

6. Watsala Dalaivala

Anafika kusukulu mochedwa, thukuta lili kamukamu, mapewa akuwawa. Wailesi anadandaula njira yonse, koma ndi iye amene anakana kusiya benchi lake ngakhale pa chitunda. Malo abwino onse anali atatengedwa, ndipo mabenchi awo anaikidwa pafupi ndi mpanda. Mphoto inapita kwa gulu lina limene linapanga mbaula. Chokhacho chimene anapeza n'chakuti makolo otopa anakhalira mabenchiwo tsiku lonse osadziwa kuti ndi zoonetsa.

Kanyundo anabwerera kunyumba dzuwa litapendeka. Anapeza Pendapenda itakankhidwira pansi pa mtengo wa kumpanda. Matayala anali atatsamira pa njerwa. Batire linali pakhonde, ndipo kiyi anali pa makina osokera a Amayi, pamene aliyense akanatha kumuona.

Agogo anali atakhala m'kati, kumpando wa dalaivala, manja ali pa chiwongolero. Kanyundo anamasula lamba wa chitseko chija n'kukhala pambali pawo.

"Mayi ako sananene kuti 'ndinkanena ine'," anatero Agogo. "Anangondiphikira tiyi wachiwiri. Zimenezo zandiopsa kuposa kukalipa."

Kanyundo anamwetulira pang'ono.

"Mpando uwu tisaugulitse kwa a zitsulo zakale," anatero. "Ndiupangira miyendo ya matabwa abwino, onunkhiza, ogogoda ndi ofunsa. Tiuika pakhonde. Ndipo Wailesi akuti amalume ake akufuna dalaivala wa galimoto ya buledi. Mukhoza kuyendetsabe, Agogo."

Agogo anasiya chiwongolero. Anatambasula dzanja n'kutsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Pansi pa masipanala ndi nsanza anatulutsa envelopu yopindika, yothimbirira ndi mafuta.

"Uja mnzako Lachinayi sindinamuzindikire," anatero. "Lero bowo lija, lalikulu ngati chibakera, ndalipeza ndi zala. Unaona?"

"Ndinaona, Agogo."

"Kalata iyi ndi ya dokotala wa maso. Anandipatsa miyezi inayi yapitayo. Akuti ndibwerere msanga, ndipo akuti ndisagwirenso chiwongolero mpaka atandiona. Ine ndinaiika umu n'kuikhomera masipanala pamwamba." Anaseka pang'ono, koma maso awo anali atanyowa. "Ukuona tsono kumene unatengera luso lotseka mabowo? Iwe wabisa masiku awiri. Ine miyezi inayi, ndipo lero ndikananyamula ana a eni."

Kanyundo anagwira dzanja lawo. Linali dzanja lalikulu, lokhakhala.

"Galimoto taigogoda," anatero Agogo. "Watsala dalaivala. Ndikuopa, mdzukulu wanga. Ndayendapo misewu yoopsa yambiri, koma kuchoka pano kukafika pamakina a mayi akowo kwanditalikira. Iwe wadutsamo kale lero. Tandiperekeza."

Anatsika onse awiri. Agogo anatseka chitseko mosamala, nasisita boneti kamodzi monga mwa masiku onse, koma mwambi uja sanaunene. Anayenda kulowera kukhonde, Kanyundo ali kumanzere kwawo.

Makina osokera anasiya kulira. Amayi anakweza mutu, nayang'ana bambo awo, nayang'ana mwana wawo, kenako maso awo anaima pa envelopu ija.

"Bambo," anatero akuimirira pang'onopang'ono, "chimene mwanyamulacho n'chiyani?"